Kuweta nyerere zakalipentala: zonse zimayambira m'chikuta

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Mulanje, cha m'Novembala, madzulo ake pakhonde lililonse lokhala ndi babu pamadzaza. Ana amabwera ndi mabeseni a madzi kudzatola ngumbi, achule amandanda m'mphepete mwa khonde, analimata ali tcheru pakhoma. Usiku wotere, zaka zinayi zapitazo, pakhonde pathu cha ku Chitakale ndinaona kachilombo kena kakuyenda mosiyana ndi ngumbi. Kanali kotalika ngati sentimita imodzi ndi theka, mutu wakuda, miyendo yofiirira ngati uchi, chifuwa chotukuka, mapiko kalibe. Ngumbi zikathothola mapiko zimayenda ziwiriziwiri, ina patsogolo inzake pambuyo. Aka kanali kokhakokha, kakuthamanga m'mbali mwa khoma n'kumasuzumira mng'alu uliwonse.

Ndinakavundikira ndi kapu, ndipo pasanathe ola ndinagwiranso kena. Anganga anali pamkeka akusankha ngumbi. Anandiyang'ana nati, "Iwe, zimenezo sadya. Mafulufute ndi ena." Nditawauza kuti ndikufuna kuweta, anaseka mpaka kutsokomola: "Anzako akuweta nkhunda ndi akalulu, iwe nyerere?" Lero imodzi mwa nyerere ziwiri zija ili ndi ana mazana angapo m'bokosi la pa shelefu, ndipo anganga omwewo ndi amene amandifunsa ndikamachoka, "Wazisiyira madzi ziweto zako zija?"

Nyerere zimenezi asayansi amazitcha Camponotus, dzina limene Gustav Mayr wa ku Austria anazipatsa mu 1861. Ndi fuko lalikulu, la mitundu yoposa 1,000 padziko lonse. Dzina loti zakalipentala linabwera chifukwa mitundu yambiri imaboola mtengo n'kupangamo tizipinda tosalala ngati papita mmisiri ndi sandipepa. Munthu akamva zimenezi amayang'ana kudenga, kuopa kuti mitanda ya nyumba itha. Mantha amenewo mwini wake ndi chiswe. Chiswe ndiye chimadya mtengo. Nyerere zakalipentala zimangosema ndi nsagwada n'kutaya utuchi panja, ndipo zimakonda mtengo umene wanyowa kale n'kuyamba kuwola. Kuwonjezera apo, zambiri za kuno kwathu sizikhala n'komwe mumtengo. Zimamanga m'nthaka, pansi pa mwala kapena pansi pa chitsa.

Chiswe ndi nyerere si pachibale ngakhale pang'ono, ngakhale kuti timazisakaniza polankhula. Chiswe mbale wake ndi mphemvu. Nyerere abale ake ndi mavu ndi njuchi, ndipo umboni uli pa chiuno chake chowonda ndi tinyanga take topindika ngati chigongono. Mtundu wa zakalipentala umene umapezeka kwambiri mu Africa muno ndi Camponotus maculatus, umene Fabricius anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1782. Ambiri tinauona osaudziwa dzina: nyerere yaikulu ya miyendo italiitali, ya timadontho pamimba, imene umaipeza usiku m'kapu ya tiyi imene yagona yosatsuka. Zanga ndi za gulu limeneli. Mbola zilibe. Zikakwiya zimaluma kenako n'kupopera asidi pabalapo kuchokera kunsonga kwa mimba, ndipo ukanunkhiza chala umamva ngati viniga.

Mayi mmodzi, usiku umodzi

Amene akufuna kuweta nyerere amayamba ndi kulakwitsa kumodzi: amatola zoyenda pabwalo makumi awiri n'kuziika m'botolo la dothi. Zimakumba masiku angapo, kenako zimafa imodziimodzi. Zoyenda pabwalozo ndi antchito, zonse zazikazi koma zosakwatiwa, ndipo sizingabereke antchito anzawo. Banja la nyerere limabadwa mwa mayi mmodzi. Mabuku amati mfumukazi. Ine ndimakonda kuti manthu, chifukwa palibe amene amamulamula ndipo iye salamula aliyense. Ntchito yake ndi kuikira mazira basi.

Banja likakhwima limabereka ana amapiko, aamuna ndi aakazi, amene amadikira m'chisa mpaka nyengo itakwana: nthaka yanyowa, kunja kukutentha, mphepo yadeka. Mabanja ambiri a dera limodzi amatulutsa ana awo nthawi imodzi, motero amakwatirana ndi a m'mabanja ena. Yaimuna ikakwatira yatha ntchito, imafa pasanapite masiku. Yaikazi imasunga mbewu ya yaimuna m'kathumba ka m'mimba mwake, ndipo mbewu ya ulendo umodziwo ndi imene idzagwire ntchito moyo wake wonse. Moyo umenewo si waufupi. John Lubbock wa ku England anasunga manthu wa mtundu wina kuyambira 1874 mpaka 1888, ndipo manthu wina wa mtundu wa Lasius niger anakhala zaka pafupifupi 29 m'manja mwa woweta. A Camponotus kupitirira zaka 10 si chachilendo. Amene akutola manthu pakhonde adziwe kuti akutenga chiweto chokhalitsa ngati galu.

Akatera pansi, manthu amathyola mapiko ake ndi miyendo n'kuyamba kusaka pobisala. Ambiri safika, amathera m'kamwa mwa mbalame, abuluzi, achule ndi nyerere zinzawo. Pa nthawi yochepa imeneyi ndi pamene woweta amamupeza. Mumudziwe ndi chifuwa chake chachikulu chotukuka, ndipo mukayang'anitsitsa m'mbali mwa chifuwacho muona zipsera pamene panali mapiko. Yaimuna imakhala yowonda, ya kamutu kakang'ono ndi maso aakulu, ngati kamavu. Palinso antchito akuluakulu a mitu ikuluikulu amene amapusitsa anthu. Iwo chifuwa chawo n'chopyapyala ndipo zipsera alibe. Yamapiko mutha kuisunga, chifukwa ena amachedwa kuthothola, koma imene yathothola kale ndi imene ili ndi mwayi waukulu woti inakwatiwa.

Zimene zimachitika kenako ndi zimene zinandikopa mtima, ndipo malamulo onse a kawetedwe ka miyezi yoyamba amachokera pamenepa. Manthu akapeza kadzenje amalowa n'kudzitsekera. Satulukanso. Sakasaka chakudya. Minofu ikuluikulu ya m'chifuwa imene inkakupiza mapiko ilibenso ntchito, ndiye thupi lake limaisungunula pang'onopang'ono, pamodzi ndi mafuta amene anachoka nawo kwa makolo, n'kusandutsa mazira ndi chakudya chodyetsa mphutsi pakamwa. Ana oyamba amaleredwa ndi thupi la mayi wawo lenileni. Kwathu mayi akachira amakhala m'chikuta, ndipo aliyense amadziwa kuti simulowamo chisawawa. Manthu wa nyerere chikuta chake chimatha miyezi iwiri kapena kupitirira, ali yekha, mumdima, wopanda womuphikira phala. Chuma chimene ali nacho n'chowerengeka. Mphamvu iliyonse imene angawononge pothawa kuwala kapena kusamutsa mazira ndi yochotsedwa pakamwa pa ana.

Choncho woweta ntchito yake ndi kumanga chikuta chabwino n'kuchokapo. Oweta padziko lonse amagwiritsa ntchito kachubu kagalasi ka mu labu, kaja ka m'kalasi ya sayansi kusekondale. Mumathiramo madzi oyera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kukankhiramo thonje lothina mpaka likhudze madzi, mwachangu kuti pasatsale mpweya pakati. Thonjelo limanyowa koma madzi sadutsa. Kutsogolo kwake kumatsala kachipinda kouma, mumaikamo manthu, n'kutseka kukamwa ndi thonje lina louma kuti mpweya uzilowa. Manthu amamwa pathonje lonyowalo, ndipo amasankha yekha poika mazira, pafupi ndi chinyezi kapena patali. Ngati kachubu kagalasi kakusowa, paipi yoonekera mkati imene amisiri omanga amayezera levulo imagwira ntchito yomweyo: mudule kachidutswa kotalika ngati chikhatho, mutseke mbali imodzi ndi chotsekera cholimba, mutsuke bwino. Sirinji yatsopano yaikulu ya ku famase nayonso imatheka. Dothi musaikemo. Limabisa zonse, limabweretsa chuku ndi nthata, ndipo likauma kapena kugumuka simudziwa.

Kachubuko mukakulunge ndi pepala, mukagoneke chopingasa m'kabokosi, mukaike m'kabati imene satsegulatsegula, kutali ndi wailesi ndi chitseko chomenyetseka. Nyerere zimamva kunjenjemera kwa pansi kudzera m'miyendo kuposa mmene ife tingaganizire.

Manthu wanga wachiwiri uja ndinamutaya pamenepa. Ndinkafuna kuona chilichonse, ndiye m'mawa ndi madzulo ndinkavundukula n'kumuunika ndi tochi ya foni. Nthawi iliyonse ankanyamula kamulu ka mazira m'kamwa n'kumathamanga uku ndi uku. Sabata yachitatu ndinapeza mazira onse palibe, anali atawadya. Manthu akaona kuti malo si abwino amabweza chuma chake m'mimba kuti akayambirenso kwina. Anaikiranso ochepa, koma mphamvu zinali zitatha, ndipo anafa asanaone mwana ngakhale mmodzi. Zinandipweteka, chifukwa anali wamphamvu kuposa mnzake uja amene ndinamuiwala kuseri kwa mabuku, amene ali moyo mpaka lero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusuzumira kamodzi pa sabata, kwa mphindi imodzi, n'kokwanira. Mukakuta kachubu ndi pulasitiki yofiira mutha kuyang'ana osamudzidzimutsa kwambiri, chifukwa nyerere siziona bwino kuwala kofiira.

Mukasuzumira moyenera mudzaona zinthu zikusintha motere. Poyamba timazira totuwa, tomatirirana ngati timbewu ta mpunga tating'onoting'ono. Kenako timphutsi topindika ngati mbedza, topanda miyendo. Mphutsi ikakhuta imadzilukira chikwa cha ulusi wochokera m'kamwa mwake, chotuwira ngati khaki, chokhala ndi kadontho kakuda kunsonga. Zoyera zija nyerere zimathawa nazo mukagubuduza mwala, zimene timati mazira, zambiri zimakhala zikwa zimenezi. Mwana akakhwima satha kudzitulutsa yekha; mayi, kapena pambuyo pake achemwali ake, amang'amba chikwacho ndi nsagwada n'kumusolola ali wotuwa, wofooka, miyendo ikunjenjemera. Kuchoka pa dzira kufika apa pamatenga masabata 6 mpaka 10, malingana ndi kutentha. Manthu wogwidwa kumapeto kwa Novembala amaona ana ake oyamba cha m'Januwale kapena Febuluwale. Amakhala ochepa, kawirikawiri osafika 15, ndiponso ang'onoang'ono kwambiri poyerekeza ndi amene adzabadwe mtsogolo, chifukwa analeredwa ndi chakudya chopereweza.

Nthawi zina zikwa zimatulutsa aamuna amapiko okhaokha. Mwa nyerere, monga mwa njuchi, dzira limene lakumana ndi mbewu ya yaimuna limabala wamkazi, ndipo limene silinakumane nayo limabala wamwamuna. Manthu amene sanakwatiwe amaikirabe mazira, koma sangabale wantchito. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi awiri kapena atatu, aliyense m'kachubu kake. Mukawaphatikiza, a Camponotus ambiri amadzaphana.

Chakudya, mpanda ndi adani

Antchito oyamba akayamba kuyenda n'kumakoka thonje la kukhomo, chikuta chatha. Tsopano banja likufuna kudya, ndipo limadya zinthu za mitundu iwiri pa zifukwa ziwiri. Nyerere yokhwima imafuna zotsekemera kuti ipeze mphamvu. Kutchire imazipeza m'maluwa ndiponso kwa nsabwe za m'masamba ndi kodikodi, zimene zimatulutsa timadzi tozuna. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mtengo wa lalanje usiku, zikupita kukakama ziweto zawo zimenezi. M'nyumba, supuni imodzi ya shuga m'masupuni atatu a madzi ikwanira, kapena uchi wosungunula, kapena kachidutswa ka nzimbe, nanazi ngakhale papaya. Dontho likhale laling'ono ngati mutu wa machesi, kapena mulinyowetse pakathonje, chifukwa antchito oyambawo amamira m'dontho lalikulu, ndipo banja la antchito asanu kutaya awiri ndi maliro aakulu.

Mphutsi ndi manthu amafuna nyama. Nyerere yokhwima simeza zolimba, imasefa n'kumwa zamadzi zokha, koma popanda nyama manthu amachepetsa mazira ndipo mphutsi sizikula. Kuno sitivutika nazo. Mwendo wa chiwala, kachidutswa ka nkhululu, ngumbi imodzi yoiphwanya, ngakhale kanyenyeswa ka dzira lowiritsa. Ine ngumbi za m'Disembala ndimayanika zina zopanda mchere n'kusunga m'botolo, ndipo ndimazinyowetsa pang'ono ndisanapereke. Chilombo chogwira kutchire muyambe mwachiviika m'madzi owira kamphindi kuti nthata zife. Zotsala muzichotse tsiku lotsatira. Ndi chinyezi cha Mulanje, mwendo wa chiwala ukagona masiku awiri wachita kale chuku.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapha banja lonse usiku umodzi, ndipo chili m'nyumba iliyonse: mankhwala ophera tizilombo. Mphemvu imene mwaipeza ili gada m'khitchini musaipereke, mwina yafa ndi mankhwala. Ziwala za m'dimba lopoperedwa, kapena za m'mphepete mwa munda wa tiyi kapena wa makademiya, muzipewe. Chipinda chimene muli nyerere musapoperemo Doom, musayatsemo koilo ya udzudzu, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala isakhudze bokosi. Sindikunena kuti musiye kudziteteza ku malungo. Neti ikhale pabedi, nyerere zikhale m'chipinda china. Manja nawonso, ngati mwagwira fodya kapena mankhwala a m'munda, musambe kaye.

Kudyetsera m'kachubu kumavuta antchito akachuluka, ndiye mumaika kachubu konseko m'kontena ya pulasitiki yoonekera, n'kuchotsa thonje la kukhomo kapena kusiya kampata. Kontenayo imasanduka bwalo lawo: kumeneko n'kumene amadyera, kumwera ndi kutaya zinyalala. Pachivundikiro muboole n'kumata kansalu kopyapyala kapena sefa ya waya, chifukwa m'chotengera chotsekeratu asidi wawo yemwe amatha kuzipha zikadzidzimuka. Camponotus zimakwera pulasitiki ndi galasi ngati zikuyenda pansi. M'mphepete mwa kontena, chakumtunda, mupake paudala wa ana wosakaniza ndi sipiriti. Sipiritiyo akauma pamatsala ufa umene nyerere ikaponda imaterereka. Oweta akunja amagula mankhwala oterera otchedwa Fluon. Vaseline amathandiza kwa kanthawi, koma zikuluzikulu zimaphunzira kumuwoloka.

Za chisa chenicheni musafulumire. Mtima umafuna kuzimangira nyumba yaikulu yokongola, koma nyerere zimakonda mothina. Banja la antchito khumi mukaliika m'chisa cha zipinda zisanu ndi chimodzi, limakhala m'chimodzi n'kusandutsa zinazo dzala, ndipo chuku chimayambira momwemo. Zisiyeni m'kachubu mpaka antchito afike 20 kapena 30, zimene kwa Camponotus zingatenge chaka chathunthu. Madzi akatha kapena thonje likada, muike kachubu katsopano pambali, mukaphimbe, kakaleko mukasiye powala. Zidzasamuka zokha, mwina usiku womwewo, mwina patatha milungu iwiri. Kuzikhutula mokakamiza kumaphetsa mphutsi.

Chisa choonekera mkati si chinthu chatsopano. Charles Janet wa ku France anaonetsa chake pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1900, ndipo Milton Levine wa ku America anayamba kugulitsa timabokosi ta nyerere ta ana mu 1956. Changa ndinaumba ndi ufa woyera uja amaumbira chikhakha munthu akathyoka. Ndinakonza tizipinda ndi dongo pagalasi, n'kuthira ufa wosungunulawo pamwamba. Utauma ndinachotsa dongolo, patsala mphako zooneka kudzera pagalasi. Kumbali imodzi ndinasiya kadzenje kothira madzi ndi sirinji. Mbali imodzi yokha, chifukwa Camponotus sizifuna chisa chonyowa ponseponse. Mazira ndi timphutsi zimaika konyowa, zikwa kouma ndi kofunda, ndipo tsiku lonse zimakhalira kusuntha ana pakati pa malo awiriwa. Muziyang'anira m'makona, chifukwa nsagwada zosema mtengo chikhakha sichizivuta.

Mdani wamkulu kuno ndi linthumbu. Usiku wina wa m'Malichi linalowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko, ndipo chimene chinapulumutsa banja langa la nyerere n'chakuti miyendo ya tebulo inali m'zitini za madzi. Tinyerere tating'ono tofiirira ta m'khitchini natonso n'toopsa. Timalowa pa kabowo kamene simukukaona, timabwera mazanamazana, ndipo tikhoza kupha manthu ndi ana ake ochepa m'maola owerengeka. Zitini za madzi zija, zothiramo kadontho ka sopo, ndi mpanda wotchipa kuposa wina uliwonse.

Malangizo a pa intaneti ndi nyengo yathu

Pafupifupi zonse zimene mungapeze pa YouTube zokhudza nyerere zakalipentala zinakonzedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku North America, okamba za mitundu yawo monga Camponotus ligniperda, herculeanus ndi pennsylvanicus. Mitundu imeneyo inazolowera chisanu choundana madzi, ndipo imafunika kugona miyezi itatu kapena inayi pamalo ozizira madigiri 5 mpaka 10. Ndiye mudzamva akuti ikani nyerere zanu mufiriji. Kwa iwo n'zoona. Zathu mukaziika mufiriji mwazipha. Nyengo yozizira imene zimaidziwa ndi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri n'kumawaza masiku atatu osaleka. Nthawi imeneyo zimachepetsa zokha: manthu amaikira pang'ono kapena kuleka, mphutsi zimaima kukula, antchito amaunjikana pakona. Si matenda. Muchepetse nyama, madzi ndi shuga zisasowe, bokosi mulichotse pazenera n'kulifunditsa kansalu. Kukayamba kufunda cha m'Seputembala zimadzuka ndi njala.

Choopsa kwa ife ndi kutentha. Ana a nyererezi amakula bwino pa madigiri 24 mpaka 28. Nyumba ya malata yopanda siling'i mu Okutobala masana imapitirira pamenepo kutali, ndipo kachubu kagalasi kakawombedwa ndi dzuwa la pazenera kamaphika zamkati m'mphindi zochepa. Palinso chifukwa china chobisika. M'matumbo mwa Camponotus mumakhala mabakiteriya otchedwa Blochmannia, dzina lochokera kwa Friedrich Blochmann wa ku Germany amene anawaona m'zaka za m'ma 1880. Amakhala mkati mwa maselo a nyerere, amapita kwa ana kudzera m'dzira, ndipo amapangira nyerereyo zomanga thupi zimene sizipezeka m'madzi a shuga. Kutentha kwambiri kwa milungu ingapo kumawapha. Choncho mu Okutobala ndi Novembala bokosi likhale pansi, pa simenti, m'chipinda chozizirirapo.

Banja likafika pa antchito zana, mumayamba kuona zimene munadikirira. Wantchito mmodzi amapeza dontho la uchi, amamwa mpaka mimba itatupa n'kumaonekera mkati ngati mkanda, kenako amathamangira kuchisa. Nyerere ili ndi kathumba kosungira chakudya kasanafike m'mimba yake yeniyeni, ndipo za m'kathumbako ndi za banja lonse. Amakumana ndi mnzake, amagundanitsa tinyanga, amalumikiza pakamwa, dontho limadutsa. Ameneyo amapatsa wina, winayo amapatsa mphutsi ndi manthu. Ndinayesapo kuthira kadontho ka kala wofiira wa makeke m'madzi a shuga. Pofika m'mawa pafupifupi mimba iliyonse m'chisa inali itafiira, chonsecho amene anatuluka kukamwa anali atatu okha. Nthawi yomweyi m'pamene amayamba kubadwa a mitu ikuluikulu aja, odula nyama ndi olonda pakhomo. Mayi ndi yemweyo; kusiyana kumabwera makamaka ndi kuchuluka kwa chakudya chimene mphutsi inalandira. Akufa amanyamulidwa n'kukaunjikidwa pakona imodzi ya bwalo, kutali ndi ana, pamodzi ndi makoko a zikwa.

Ukhondo wawo uli ndi chifukwa. Nyerere zambiri zili ndi kachiwalo m'chifuwa kotulutsa mankhwala opha majeremusi, koma Camponotus zambiri zilibe. Mu 2024 Erik Frank ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa mtundu wa ku Florida, Camponotus floridanus: nyerere ikavulala pantchafu, anzake amanyambita balalo kenako n'kuluma mwendo wonse mpaka kuudula, ndipo zodulidwazo zinkapulumuka pafupifupi zonse pamene zambiri zosiyidwa ndi bala lolowa majeremusi zinkafa. Bala likakhala kumunsi kwa mwendo sadula, amangolitsuka nthawi yaitali.

Pali nkhani ina imene sindingailumphe. Mu Epulo 2025 ku Kenya anagwira anyamata awiri a ku Belgium ali ndi nyerere zamoyo pafupifupi 5,000, zambiri zinali amanthu a mtundu wa Messor cephalotes, zitalongedzedwa m'timachubu ndi m'masirinji kuti zikagulitsidwe kwa oweta akunja. Pamodzi ndi munthu wina wa ku Vietnam ndi wina wa ku Kenya komweko, khoti linawalamula kulipira mashilingi 1 miliyoni aliyense kapena kukhala m'ndende chaka. Manthu mmodzi ndi banja lathunthu la mtsogolo, ndiye kutola zikwi pamalo amodzi ndi kukolola mbewu yosadzala. Ife tili pansi pa phiri la Mulanje limene lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, ndipo tikudziwa mmene mkungudza unathera chifukwa cha msika. Kutenga zachilengedwe m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo. Woweta safunika kukwera ku Likhubula kapena kufukula chisa chilichonse. Amanthu amabwera okha pansi pa babu. Wina akakulemberani pa Facebook kuti mumutumizire nyerere kunja, mukane.

Kuitanitsa zakunja nakonso n'koopsa chimodzimodzi. Ku Ol Pejeta, ku Kenya konko, kanyerere kobwera kotchedwa Pheidole megacephala kanapha nyerere zimene zinkateteza mitengo ya minga ku njovu. Njovu zinayamba kugwetsa mitengoyo, tchire linayera, ndipo mikango inasowa pobisalira posaka mbidzi. Nyerere imene sinachokere pabwalo panu isatulutsidwe pabwalo panu. Ndipo ngati mwatopa nalo banja lanu la nyerere, mupatse mnzanu kapena mphunzitsi wa sayansi pasukulu yapafupi, pamodzi ndi malangizo a kadyetsedwe.

Machubu anga ndimakonzeratu mu Okutobala, utsi wa moto wolusa ukadali pa phiri, chifukwa usiku wa amanthu sulengezedwa. Chaka chatha mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 6, ndi amene anayamba kumuona wina akuthamanga m'mbali mwa khoma. "Ankolo, uyu ali ndi zipsera!" Tinamuika m'paipi ya levulo, tinakulunga ndi nyuzipepala, ndipo mwanayo analemba deti pachikuto ndi bolopeni. Tinagwirizana kuti azisuzumira Lamlungu lokha, pochokera kutchalitchi. Sabata yachisanu ndi chinayi anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti muli atatu, otuwa, ndipo mmodzi akukoka thonje.